Anaba Nkhope ya Achimwene

Achimwene anga anapsa nkhope ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Ankagwira ntchito pa galaja, ndipo tsiku lina dalaivala wa lole anawauza kuti injini yazizira kale, atsegule chitsekero athiremo madzi. Linali bodza la munthu wofulumira. Madzi owira anatumphuka n'kuwakhuthukira kumanzere konse kwa nkhope. Khutu linapindika ngati tsamba lofota, chikope chinagwa, tsaya linapola lili nyezinyezi ngati pulasitiki. Anagona m'chipatala miyezi iwiri. Atatuluka, ku galaja sanapondekonso. Ankati akangomva fungo la injini yotentha amatembenuka n'kubwerera.

Ine ndine mlongo wawo womaliza, ntchito yanga ndi utelala. Bambo athu atamwalira, ndi achimwenewa amene anasiya sukulu kuti ife atatu tipitirize. Ndiye mukamva ndikukalipa musadabwe. Iwo kukalipa sadziwa, ndimawakalipira ndine.

Atasiya za magalimoto analowa ulonda, ndipo anakhala pa geti la sukulu ina ya pulayimale zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Geti lobiriwira, kanyumba ka mlonda kopapatiza koti ukatambasula mikono umakhudza makoma onse awiri, wezulo pakhosi, ndi buku la alendo lomangirira bolopeni ndi ulusi wa mu shopu mwanga. Yunifolomu ankasita okha. Alamu anga akasita, iwo ankabwereza, mpaka alamuwo anachita kunena kuti, "Ingokwatirani simbiyo, ine ndizipita kwathu." Mwana aliyense ankamudziwa, ndipo ankadziwanso amene amabwera kudzamutenga. Wachilendo akafika n'kunena kuti ndine malume ake, ankamukhazika pansi n'kuitanitsa aphunzitsi. Ana ongoyamba kumene ankawaopa sabata yoyamba yokha. Sabata yachiwiri unkapeza akuwapempha kuti awamangire zingwe za nsapato, ena akufunsa ngati khutulo limamva. "Limamva kwambiri," ankatero, "makamaka bodza."

Loweruka lina masana kunabwera anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, makamera ali lende m'makosi. Anati akujambula misewu, mipanda ndi mageti chifukwa kampani yawo ikukonza gemu ya pa foni. Achimwene anawalembetsa m'buku muja, mayina, kampani ndi nthawi yofikira. Atamaliza kujambula geti, mtsikanayo anati, "Bambo, taimani apa tione kutalika kwa getili." Anaima. "Tayang'anani uku. Tsopano uku. Tachitani ngati mwakwiya. Tasekani." Anachita zonsezo akuseka zenizeni, poti chipsereni palibe amene anawapemphapo kuti awajambule. Poweruka anadutsira ku shopu kwanga atavala chipewa chofiira chimene anawapatsa, n'kundiuza kuti, "Chemwali, lero ndinali wa mu kanema." Pepala losaina panalibe. Funso lakuti kodi nkhope yanuyi tingaigwiritse ntchito silinatuluke m'kamwa mwa aliyense.

Panatha chaka ndi miyezi ingapo. Kenako ana a makalasi akuluakulu anayamba kumati akamalowa pa geti, amawaloza chala n'kunena kuti "fwaa!" kenako liwiro. Ena ankafuula kuti, "Chamoto! Chamoto!" Achimwene ankayesa ndi dzina latsopano chabe, poti ana a sukulu sachedwa kupereka dzina. Koma ang'onoang'ono anayamba kudutsa atamamatira ku khoma la mbali inayo. Kamtsikana kena ka kalasi yoyamba kanakana kulowa, kanagwira siketi ya mayi ake n'kulira mpaka kusanza.

Ine ndinazionera mu shopu mwanga. Kasitomala wina, bambo wa imvi zake ndithu, anali pa benchi kudikira kuti ndipinde miyendo ya thalauza lake. Maso ali pa foni, zala zikuvina, akulankhula yekha: "Lero ndikuotcha, galu iwe." Ndinasuzumira. Geti lobiriwira. Kanyumba kopapatiza. Ndipo patsogolo pake panali achimwene anga, khutu lofota lomwe lija, chikope chomwe chija, akukoka mwana pa mkono kuti alowe naye m'kanyumbamo.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Ndi gemu, mayi. Uyu ndi Chamoto, amaba ana n'kumawatsekera umu. Umayamba wamuthyola mawondo ndi chitsulo, kenako umamuthira petulo. Ukamuyatsa asanagwe, mapointi amachuluka."

Ndinamulanda foniyo. Iye anati, "Aa, mayi, ndi zongojambula izi." Ndinati, "Wongojambula ndinu. Uyu ndi mchimwene wanga wa bere limodzi." Ndinamuponyera thalauza lake mwendo umodzi wopinda, wina wosapinda, ndipo sanabwerenso.

Lamlungu masana ndinapita kwawo. Mwana wawo wamkazi, amene amaluka tsitsi mu saluni, anali ataiona kale gemuyo koma ankaopa kunena. Ndi iyeyo amene anaitsegula, chifukwa ine sindidziwa pogwira. Anasewera misozi ikugwera pa galasi la foni. Achimwene anavala magalasi awo owerengera, anadziona akukoka mwana, anadziona akuthyoledwa mawondo, anadziona akuyaka, chinthucho chikukuwa ngati nkhumba.

"Bwerezanso," anatero.

"Ababa, ayi."

"Bwerezanso, mwana wanga."

Anaonera katatu. Kenako anavula magalasi n'kuwapinda bwinobwino. "Ine nditapsa sindinakuwe choncho. Mawu sanatuluke n'komwe." Alamu anathawira kuchipinda. Patapita kanthawi achimwene anawonjezera kuti, "Ndipo yunifolomu yakeyo ndi yosasita." Palibe anaseka.

Sabata yomweyo komiti ya makolo inaitanitsa msonkhano. Achimwene sanaitanidwe. Anali pa geti, akutsegulira mmodzimmodzi anthu amene ankabwera kudzakambirana za iwo. Ine ndinalowa, ngakhale ndilibe mwana pa sukulupo. Makolo anali atadzipanikiza pa timipando ta ana, mawondo ali kukhosi. Wapampando anayamba ndi mawu okoma: "Tonse tikudziwa kuti bambowa alibe mlandu. Koma ana akuopa, ndipo mwana sauzidwa kuti usaope." Mayi wina anaimika mkono. "Ine ndikungofunsa. Anthu onse ali m'tauni muno, bwanji ojambulawo anasankha iwowa? Mwina pali zimene anamva."

Ndinadzuka osapempha chilolezo. "Mayi inu, mwana wanu uja wa chikwama chabuluu, tsiku limene munaiwala kudzamutenga, anakhala naye ndani mpaka dzuwa kupendeka? Anamupatsa jekete ndani? Ndipo mafoni amene anawa akuotchera mchimwene wanga anawagulira ndani? Chamoto? Inuyo bambo a wapampando, tatsegulani foni yanuyo tione ngati mulibemo!" Holo yonse inasokonera. Aphunzitsi aakulu anatuma munthu kuti aitane mlonda adzanditulutse. Mlondayo anabwera, chipewa chili m'manja, anandigwira pa chigongono n'kunena motsitsa, "Tiye, chemwali." Ndinatuluka ndikutukwana, iwo akupepesa anthu m'njira.

Mawa lake anawasamutsira ku geti lakuseri, pafupi ndi dzenje la zinyalala, kumene kumadutsa galimoto yotenga zinyalala yokha. Teremu itatha anawapatsa kalata yakuti apume kaye kunyumba mpaka zinthu zitazizira. Kalatayo inayamikira ntchito yawo m'mizere itatu.

Tinapita ku kampani ija. Nyumba yosanja, makoma agalasi, achinyamata ovala akabudula atagona pa mapilo akuluakulu, makompyuta ali pamiyendo. Pa khoma loyang'anizana ndi chitseko panali Chamoto, kuyambira pansi mpaka kudenga. Achimwene anaima pansi pa nkhope yawo yomwe, ndipo achinyamatawo anadzuka mmodzimmodzi, mafoni m'mwamba. Bwana wawo anali mnyamata woti ndikanamubereka ine. Anatuluka atatambasula mikono.

"Mdala! Mwatchukatu inu. Mukudziwa anthu angati akukusewerani? Tamverani, Loweruka tili ndi chionetsero. Mubwere mutavala yunifolomu, anthu azijambulitsa nanu. Tikusamalirani bwino."

"Ine ndabwera kudzatenga nkhope yanga," anatero achimwene.

Mnyamatayo anatsitsa mikono. "Nkhope iyi si ya munthu mmodzi. Kompyuta inasakaniza nkhope makumi anayi."

"Makumi anayi onsewo anapsa khutu lakumanzere?" ndinafunsa ine. "Amayi ako anakulera ndi manja kapena anakusakanizanso pa kompyuta?"

Anati zotsalazo tikalankhule ndi loya wawo, ndipo anatiperekeza mpaka pa chitseko.

Loya wathu tinamupeza ku ofesi yothandiza anthu osauka pa milandu. Anali mayi wamfupi wosadziwa kuzungulira, mafayilo ataunjikana mpaka kutseka zenera. Anaonera gemuyo kamodzi n'kuika foni chafufumimba pa tebulo. "Bambo, munthu akakuberani njinga ndimadziwa tsamba lotsegula. Akakuberani nyimbo ndimadziwanso. Za nkhope ya mu gemu ndafufuza, sindinapeze. Tilowera khomo la kuipitsa mbiri, koma ndikuuzirenitu, khomo lake ndi lopapatiza."

Nkhaniyo itatuluka m'nyuzipepala, kunyumba kwa achimwene kunabwera anthu a gulu lina lofuna kuti magemu onse aletsedwe. Mtsogoleri wawo, bambo wa suti yonyezimira, analankhula ola lathunthu za ana oonongeka ndi dziko lopita kuphompho. Kunena zoona, ine ndinkagwedeza mutu, poti mtima unali utapeza mnzake. Pomaliza anatulutsa pempho lake: achimwene akwere pa lole patsogolo pa chionetsero chawo, chipsera chili poyera, pamwamba pawo patalembedwa kuti ONANI ZIMENE MAGEMU AKUCHITA.

"Koma bambo," anatero achimwene, "ine sinandiotche ndi gemu. Inandiotcha ndi lole yomweyo mukufuna ndikwereyo."

"Anthu safuna zambiri. Akangoona nkhopeyi amva."

"Ndi zomwe anaganiza anyamata aja."

Anakana. Koma tsiku la chionetserolo nkhope yawo inayenda ndithu mu msewu waukulu, itakwezedwa pa timitengo, yodulidwa m'nyuzipepala n'kukulitsidwa. Ndinaiona ikudutsa pa khomo la shopu yanga anthu akuimba nyimbo za Mulungu. Atambwali a mbali iyi ndi a mbali inayo, onse kudyera pa tsaya limodzi.

Mlandu unaimitsidwa kasanu usanayambe. Tsiku limene unayamba, loya wa kampani anaimika zithunzi ziwiri zikuluzikulu n'kutenga kandodo kolozera. "Wodandaulayu anapsa kumanzere. Wathuyu, onani bwino, wapsa kumanja." Anali atangotembenuza chithunzicho atalandira kalata ya loya wathu! Ndinati ndidzuke, alamu anandikoka diresi. Loya wathu anatulutsa foni ya mwana wa achimwene, mmene munali gemu yoyambirira, chipsera chili kumanzere. Anatulutsanso buku la alendo, tsamba la Loweruka lija, mayina atatu ndi dzina la kampani. Mtsikana wojambula uja anaitanidwa ngati mboni. Anavomera kuti dzina lake analemba yekha m'bukumo, koma za mlonda anati sakukumbukira. Nthawi yonseyo ankayang'ana zikhadabo zake.

Woweruza anali bambo wachikulire, ndipo ananena poyera kuti magemu sawadziwa, akufuna aone mmene amaseweredwera. Analumikiza foni ku kanema wamkulu, n'kufunsa amene angathe. Kalaliki wa khoti anaimika mkono mwamsanga kwambiri. Choncho achimwene anayakanso pamaso pa khoti lonse, ndipo kalalikiyo atawayatsa asanagwe, wina kumbuyo anaomba m'manja.

Pa nthawi yopuma tinatuluka m'khonde. Ine ndinapita kukasaka madzi akumwa. Pobwerera ndinaona bambo wina wovala tayi, wobwerera mlandu wake wina, atawakolowekera achimwene mkono m'khosi. Dzanja lina linali ndi foni m'mwamba, ndipo dzanja la m'khosilo linali ndi choyatsira fodya. Anachiyatsa pafupi ndi tsaya lopsa lija akuseka. "Kamodzi kokha, mdala, anzanga sakhulupirira."

Zaka zonse ndakhala mlongo wawo sindinawamvepo akufuula. Tsiku limenelo anafuula. Anamugwira dzanja n'kulipotokola mpaka bamboyo anagwada, anamulanda foni, anaiponya pansi, n'kuiponda ndi jombo, kuiponda, kuipondanso, akukuwa kuti, "Ndine munthu ine! Ndine munthu!" M'khondemo munali anthu oposa khumi. Palibe anagwira bambo wa tayiyo. Onse anatulutsa mafoni.

Apolisi anawatenga pomwepo, n'kuwatulutsa pa belo madzulo ake. Pofika nthawi imeneyo vidiyo inali itazungulira kale tauni yonse, italembedwa kuti Chamoto weniweni wakwiya. Imayambira pamene akupotokola dzanja. Choyatsira fodya sichioneka. Khoti litakumananso, loya wa kampani anaionetsa kawiri, n'kufunsa mwaulemu ngati mbiri ya munthu uyu ikuipitsidwa ndi gemu kapena ndi mwini wake.

Chigamulo chinabwera patatha miyezi inayi. Woweruza anati akukhulupirira kuti nkhopeyo ndi ya achimwene, ndipo analamula kampani kuti iichotse. Koma anati mbiri yawo sinaipitsidwe, chifukwa munthu woganiza bwino amadziwa kuti gemu ndi gemu. Za ntchito anati inawachotsa ndi sukulu, osati kampani. Ndinafunsa loya wathu panja, mokweza kuti amve onse, ngati mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi ndi munthu woganiza bwino, nanga makolo aja a pa timipando, nanga kalaliki wawo yemwe. Anangondigwira phewa.

Kampani inamuveka Chamoto chigoba chachitsulo kumaso, nkhani n'kutha. Koma gemu yoyambirira anthu akupatsanabe foni ndi foni, ndipo ndamva kuti tsopano ndiyo amainyadira, amati ya nkhope yeniyeni. Pa mlandu wa foni yoswedwa, achimwene anawamasula atawachenjeza, koma anayenera kuyamba apepesa bambo wa tayi uja khoti lonse likumva. Anapepesa manja ali kumbuyo. Ine ndinatuluka, ndikanakhala ndikanamangidwa.

Kusukulu sanawaitanenso. Pano amalondera nyumba yosungiramo utoto kumalire a tauni, kumene tsiku lonse amaona migolo ndi madalaivala awiri atatu. Minibasi anasiya kukwera. Amayenda wapansi kudzera njira ya kuseri kwa mafakitale, ola ndi theka kupita, ola ndi theka kubwerera. Akamva ana akuweruka kusukulu amakhotera mu kanjira kena n'kudikira adutse.

Mwezi wathawu kampani ija inatulutsa gemu yachiwiri. Mwana wa achimwene anabwera nayo ku shopu akupuma mwa befu. "Azakhali, taonani." Mdani wake tsopano ndi mayi wogulitsa nthochi zapoizoni, wa chotupa chachikulu pakhosi, ndipo wosewera amayenera kumugunda ndi njinga yamoto. Ndinayang'anitsitsa mmene anamangira mpango, mmene anakhalira pa kreti mwendo umodzi atautambasula. Ndinati uyu kompyuta sinamupeke, alipo kwinakwake. Kumbuyo kwake kunkaoneka khoma lachikasu ndi pampu yamadzi yothyoka.

Ndinawauza achimwene kuti ndikamusaka. Iwo anangokatenga nsapato. Tinazungulira masiteji a basi Maloweruka awiri osamupeza. Loweruka lachitatu tinaona khoma lachikasu kuseri kwa depoti, ndipo mayiyo anali pomwepo pa kreti yake, akuingitsa ntchentche.

Achimwene anagwada pang'ono n'kupereka moni. Anamufotokozera pang'onopang'ono, kuyambira za iwo eni. Mayiyo anamvetsera akuwayang'ana tsaya, osabisa maso. "Ndiye chifukwa chake," anatero. "Masabata awiri tsopano anyamata a njinga zamoto akumandilunjika n'kukhota pafupi penipeni, akuseka. Ndimayesa ndi mowa."

"Ngati simukufuna kuona, musaone, mayi," anatero achimwene. "Zimakhala m'mutu."

"Bweretsani."

Anaonera kamodzi kokha. Anandibwezera foni, anadzuka, anavundikira nthochi zake ndi chiguduli, n'kuitana mnzake wogulitsa mtedza kuti aziyang'anira. Kenako anamanga nsalu m'chiuno, mfundo ziwiri.

"Ofesi yawo ili kuti?"

"Ndikuperekezani ine," ndinatero. "Ndimadziwa mpaka chitseko cha bwana."

"Tidutsire kaye kwa loya," anatero achimwene.

Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kwa loya tidutsa pobwerera, bambo. Nthawi imeneyo ndiye tizimufuna."

Anatsogola iye, ngakhale njira sankaidziwa, ife awiri tikumuthamangira pambuyo.